Kale Tinkaonetsa Zikhadabo

Ife amene tinaphunzira pulayimale m'zaka za m'ma 1970, phunziro la zaumoyo linkayamba tisanalowe n'komwe m'kalasi. Lolemba m'mawa chitsulo chopachikidwa pamtengo wa mango chikalira, tinkandanda pamzere, manja patsogolo, zikhatho zitaloza pansi. Aphunzitsi ankayenda pang'onopang'ono, rula ili m'manja. Ankayamba ndi zikhadabo, kenako mano, kenako kuseri kwa makutu, n'kumalizira m'mutu kufufuza nsabwe ndi zipere. Wopezeka ndi litsiro m'khosi ankathamangitsidwa kudambo kuti akadzikhule ndi mwala, anzake akuseka chamumtima poopa rula ija.

M'kalasimo tinkaloweza zinthu zimene khomo la munthu waukhondo liyenera kukhala nazo: chimbudzi chovundikira, bafa, thandala loyanikapo mbale, dzenje la zinyalala, chingwe choyanikapo zovala, khola lotalikirana ndi nyumba. Tinkalowezanso magulu atatu a zakudya, zomanga thupi, zopatsa mphamvu ndi zoteteza ku matenda. Ana a masiku ano amaphunzira magulu asanu ndi limodzi, ndipo ndikawauza kuti ife tinakula ndi atatu okha amaganiza kuti ndikuwanamiza. Tinkajambula ntchentche ikuchoka kuthengo kupita pansima, udzudzu ukuikira mazira m'chigoba cha papaya, nkhono ya likodzo ili phee m'madzi osayenda. Phunzirolo linali lomveka, lofika pamtima, ndipo mwana ankapita nalo kunyumba tsiku lomwelo kukavutitsa nalo makolo.

Koma linali ndi mpanda. Matenda onse, malinga ndi phunzirolo, ankachokera pafupi: m'manja mwako, pakhomo pako, pachitsime cha m'mudzi mwako. Ukadwala, ndiye kuti pena pake wachita uve. Palibe ankafunsa kuti mayi wopanda khobidi la sopo achite bwanji, kapena kuti mwana adye bwanji magulu atatu m'mwezi wa February nkhokwe ili mbee.

Lero kuli achinyamata ku Blantyre amene akuphunzira zaumoyo wa dziko lonse lapansi, zimene pa Kamuzu University of Health Sciences ndi m'mayunivesite ena amazitcha global health. Funso lawo ndi lija ife sitinkafunsidwa: n'chifukwa chiyani anthu ena amadwala ndi kufa msanga kuposa anzawo, chikhalirecho thupi ndi limodzimodzi? Pofuna yankho amawerenga za mitengo ya mankhwala, za malamulo a malonda pakati pa maiko, za mvula ndi kutentha kwa nyanja, za sukulu ya atsikana, za ngongole za boma. Mdzukulu wa mnzanga wina atandionetsa mitu ya maphunziro ake ndinayamba kuganiza kuti walembetsa zachuma. Anandiyankha mwaulemu kuti, "Agogo, malungo amayambira ku udzudzu, koma imfa ya malungo nthawi zambiri imayambira ku bajeti."

Chodabwitsa n'chakuti dziko lapansili linali kale m'mudzi mwathu, ife osalizindikira. Onani paphewa pa munthu aliyense wa msinkhu wanga, mupezapo chipsera. Anthu a katemera wa nthomba ankafika ndi galimoto kapena panjinga, a mfumu n'kumema mudzi wonse pansi pa kachere, ana akulira asanabayidwe n'komwe. Ife tinkangoti abwera a boma. Sitinkadziwa kuti mu 1967 bungwe la WHO, limene linakhazikitsidwa mu 1948 ndipo likulu lake lili ku Geneva, linalimbitsa nkhondo yothetseratu nthomba padziko lonse, ndipo kuti amene ankatigwira mkono aja anali nsonga chabe ya ntchito yofika ku India, ku Brazil ndi ku Ethiopia. Munthu womaliza kutenga nthomba mwachilengedwe anali Ali Maow Maalin, wophika pachipatala cha ku Merca m'dziko la Somalia, mu 1977. Anachira. Mu 1980 dziko lonse linalengeza kuti nthomba yatha, ndipo mpaka lero ndi nthenda yokhayo ya anthu imene inathetsedwa kotheratu. Agogo athu okhala ndi nkhope za mabowomabowo anali omaliza. Obaya katemera aja sanabalalike: kolera itabuka mu 1973 anthu a mtundu womwewo anatumidwa kukalimbana nayo, ndipo ndiwo makolo a alangizi a zaumoyo amene tikuwaona m'midzi lero atavala yunifolomu ya buluu.

Nanga amalume aja obwera kuchokera ku migodi ya ku Joni? Ankatsika basi ndi sutukesi, wailesi, jekete lachikopa ndi chipewa chopendeketsa, mudzi wonse n'kuwalandira ndi nthungululu. Pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri ena ankayamba kutsokomola, kuwonda, kulavula magazi. Anthu ankanong'ona kuti alodzedwa ndi abale ansanje. Chikhalirecho fumbi la miyala ya m'migodi ya golide linali litawononga mapapo awo, ndipo chifuwa chachikulu chinkafala mosavuta m'makomboni mmene amuna ankagona mothinana. Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodiko, inkatenga munthu wamphamvu, itamupima bwinobwino, n'kumubweza akadwala kuti akasamalidwe ndi mkazi wake kumudzi. Golide ankapita ku London, chifuwa n'kubwera ku Dedza ndi ku Mzimba. Kumbuyo kwake kunalinso fuluwenza ya 1918, imene inafika kuno nkhondo yoyamba ya dziko lonse ikutha n'kupulula anthu m'midzi imene sinkadziwa n'komwe kuti nkhondoyo inkamenyedwera chiyani. Zonsezi lero ndi mitu ya mayeso. Nthawi imeneyo zinali maliro chabe.

Oziphunzira analipo, koma sanali ife. Sukulu ya matenda a m'maiko otentha inatsegulidwa ku Liverpool mu 1898, ina ku London mu 1899, patangopita nthawi yochepa Ronald Ross atapeza ku India, mu 1897, kuti kachirombo ka malungo kamakhala mwa udzudzu. Cholinga chake sichinali chobisika: asilikali, amalonda ndi abwanamkubwa a ufumu wa Britain ankafa kwambiri m'maiko otentha, ndipo pankafunika njira yoti azikhala ndi moyo. Munthu wakuda ankalowa m'mabuku amenewo ngati wodwala, kapena ngati gwero la matenda loyenera kukhala kutali ndi nyumba za azungu. Mwana wa kuno wofuna udokotala ankayenera kuwoloka nyanja. Daniel Malekebu anakaphunzira ku Meharry Medical College ku America, ndipo Kamuzu Banda anadzera pasukulu yomweyo n'kumaliza mu 1937 asanapite ku Edinburgh. Sukulu yathu yophunzitsa madokotala, College of Medicine, inatsegulidwa mu 1991, patatha zaka 27 tili pa ufulu. Mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala yunivesite imene ndatchula ija.

Nyengo imene ndimaikumbukira ndi mtima wofewa ndi ya sikelo. Mu September 1978 maiko anakumana ku Alma-Ata, m'dziko limene lero ndi Kazakhstan, n'kugwirizana kuti pofika chaka cha 2000 munthu aliyense akhale ndi mwayi wa umoyo wabwino, ndipo kuti njira yake si zipatala zikuluzikulu za m'tauni koma chithandizo choyambirira chofika pamudzi. Mu 1982 James Grant wa UNICEF anasankhapo zinthu zinayi zotsika mtengo: kuyeza kakulidwe ka mwana, madzi a mchere ndi shuga kwa wotsegula m'mimba, kuyamwitsa, ndi katemera. Ife za Alma-Ata sitinazimve. Tinangoona sikelo itapachikidwa panthambi, mwana ali lende m'kabudula wansalu akukuwa, amayi atakhala pansi miyendo tambalale akuimba nyimbo za katemera ndi za phala, manja akuwomba, anamwino akutsogolera. Khadi la kusikelo linkasungidwa m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi kalata ya ubatizo. Mzere wa pakhadipo ukayamba kutsika, mayi ankadziwa yekha kuti zinthu sizili bwino, ngakhale anali wosadziwa kuwerenga. Ankaphunzitsidwa kusakaniza ufa wa mgaiwa ndi nsinjiro, kapena kulandira Likuni Phala.

Madzi a mchere ndi shuga aja, amene pambuyo pake tinawadziwa ndi dzina loti Thanzi, ali ndi mbiri yawo. Mu 1971, pa nkhondo imene inabala dziko la Bangladesh, kolera inabuka m'misasa ya othawa kwawo kumalire a India. Dokotala wina, Dilip Mahalanabis, madiripi atamuthera, anayamba kusungunula mchere ndi shuga m'migolo n'kuuza abale a odwala kuti aziwamwetsa ndi makapu. Imfa zinatsika kwambiri. Nzeru imene inatsimikizika pamsasa wa othawa nkhondo ku Asia ndiyo inadzapulumutsa ana ku Nsanje ndi ku Chitipa.

Komabe tisanamizane. Kale lija linali lokoma kulikumbukira, osati kulikhala. Kafukufuku wa boma wa mu 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Wa mu 2015 ndi 2016 anapeza 63. Amene tinakula nthawi imeneyo timakumbukira kuti mayi akafunsidwa kuti ali ndi ana angati ankatchula manambala awiri, obadwa ndi amoyo. Chikuku chikalowa m'mudzi, timanda ting'onoting'ono tinkachuluka kumasano. Nyimbo za kusikelo zinali zokoma chifukwa zinkaimbidwa pamaso pa imfa.

Tsono nchiyani chinasintha manambalawa? Apa ndi pamene maphunziro a lero amaposa athu aja. Katemera, maneti ndi mankhwala anathandiza, inde. Koma kafukufuku wa m'maiko ambiri wasonyeza mobwerezabwereza kuti mwana wa mayi amene anapita kusukulu amakhala ndi mwayi waukulu wopulumuka kuposa wa mayi amene sanapiteko. Ndiye kuti sukulu yaulere ya mu 1994, ndi mavuto ake onse a ana ophunzirira pansi pa mtengo, inalinso nkhani ya zaumoyo. Dera la Kerala ku India ndi dziko la Sri Lanka amaphunzitsidwa m'makalasi amenewa chifukwa anthu ake ankakhala ndi moyo wautali pamene chuma chawo chinali chochepa, kaamba ka sukulu, chakudya ndi zipatala zazing'ono zofikirika.

Ndipo nkhaniyi si ya maiko osauka okha. Ku London anachita kafukufuku wotchedwa Whitehall pakati pa ogwira ntchito m'boma, kuyambira mu 1967, amene dzina la Michael Marmot linadzatchuka naye. Onsewo anali pantchito, onse anali ndi chipatala chaulere, koma amuna a pamaudindo otsikitsitsa ankamwalira pamlingo wochuluka pafupifupi katatu kuposa mabwana awo, ndipo sitepe iliyonse yotsika paudindo inkabwera ndi imfa zochulukirapo. Fodya ndi zakudya sizinkakwana kufotokoza kusiyanako. Marmot yemweyo anatsogolera komiti ya WHO imene mu 2008 inalemba kuti mumzinda umodzi wa Glasgow, mnyamata wobadwira ku Calton ankayembekezeka kukhala zaka 54, pamene wobadwira ku Lenzie, mtunda wa makilomita owerengeka, zaka 82. Aphunzitsi athu a rula aja akanamva zimenezi akanasowa pogwira, chifukwa anthu a ku Calton zikhadabo amawenga.

Phunziro limene ine ndinaliona ndi maso ndi la Edzi. Wodwala woyamba kuno anapezeka mu 1985. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 maliro ankachita kudikirana, malo okhomera mabokosi anachuluka m'mbali mwa misewu, masukulu anataya aphunzitsi, agogo anayambanso kulera makanda. Tinkalalikirana za kudziletsa ndi kukhulupirika, ndipo wodwala tinkamuyang'ana ndi diso lija la pamzere wa Lolemba, loti wazichita dala. Pamenepo n'kuti ku Ulaya ndi ku America mankhwala otalikitsa moyo alipo kale kuyambira mu 1996, koma mtengo wake unkapitirira madola 10,000 pamunthu mmodzi pachaka. Mu February 2001 kampani ya ku India ya Cipla, motsogozedwa ndi Yusuf Hamied, inati ikhoza kupanga mankhwala omwewo pamtengo wa madola 350 pachaka, osakwana dola imodzi patsiku. Mu April chaka chomwecho makampani 39 a mankhwala anasiya mlandu umene anasumira boma la South Africa, anthu atachita zionetsero kunja kwa khoti ku Pretoria. Mu November, pamsonkhano wa zamalonda ku Doha, maiko anavomereza kuti malamulo oteteza eni mankhwala asatsekereze boma kuteteza miyoyo ya anthu ake. Mu 2002 kunabadwa thumba la Global Fund, mu 2003 la PEPFAR, ndipo mu 2004 ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma kuno. Anthu amene tinali titawalira kale anadzuka pamphasa n'kubwerera kumunda. Makhalidwe a Amalawi sanasinthe usiku umodzi. Chinasintha ndi mtengo, ndipo mtengowo unasinthidwira ku Mumbai, ku Pretoria ndi ku Doha.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti tsopano nzeru sizikuyenda njira imodzi yokha. Muyeso umene madokotala amapimira kukomoka kwa mwana wodwala malungo aakulu umatchedwa Blantyre Coma Scale, chifukwa Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anaukonzera pachipatala cha Queen Elizabeth. Mu 1993 Malawi linali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine, ija yowawa ndi yoyabwitsa, n'kuyamba Fansidar kachirombo katasiya kumva mankhwala. Mu 2007 tinasamukira ku mankhwala a LA. Mu 2011 Malawi inayamba kupereka ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachirombo kwa moyo wake wonse, osadikira kuyeza chitetezo cha m'thupi popeza makina oyezera anali ochepa. Akatswiri ena akunja anakayikira, koma pasanapite nthawi WHO inalimbikitsa maiko ena kutsatira njira yomweyo. Mu April 2019 katemera woyamba wa malungo anayambira kuno, kenako ku Ghana ndi ku Kenya. Wophunzira wa ku Boston kapena ku Liverpool amakumana ndi dzina la Malawi m'buku lake ngati mphunzitsi, osati wodwala yekha.

Zaka zaposachedwapa zakhala ngati zikufuna kutsimikizira ophunzirawa kuti sakutaya nthawi. Mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, nthenda imene inali isanaoneke kuno chiyambire 1992. Atapima kachiromboko anapeza kuti n'kachibale ka kamene kankazungulira m'chigawo cha Sindh ku Pakistan. Mwanayo sanapiteko ku Pakistan. Mu March chaka chomwecho, namondwe Ana ndi Gombe atagwetsa zimbudzi ndi kuwononga zitsime, kolera inayamba ku Machinga n'kufalikira m'maboma onse. Inagwira anthu oposa 50,000 n'kupha oposa 1,700, mliri wa kolera woopsa kuposa yonse m'mbiri yathu. John Snow anasonyeza kale mu 1854, pamjigo wa mumsewu wa Broad Street ku London, kuti kolera imayenda ndi madzi akumwa, choncho panalibe chinsinsi. Panalibe madzi abwino okwanira, ndipo katemera wake anachepa padziko lonse moti mu October 2022 anaganiza zoti munthu azilandira kamodzi m'malo mwa kawiri. Namondwe Freddy anabwera mu March 2023 n'kukokolola Chilobwe ndi midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe, mliri uli mkati. Pa utsi umene ukutenthetsa nyanja ya India, kumene anamondwewa amachokera, wochokera kuno ndi wochepa zedi.

Za Covid-19 sindichulutsa. Maiko olemera anagula katemera wochuluka kuposa anthu awo, ife tikudikira, ndipo mu May 2021 tinawotcha katemera pafupifupi 20,000 amene anafika atatsala masabata ochepa kuti athe mphamvu, anthunso akumukayikira chifukwa cha mphekesera za pa WhatsApp.

Pamphekeserapo ndi pamene ndimaona kuti kale lija linali ndi kanthu kamene tataya. Phunziro la ukhondo linali lopapatiza, koma linali m'kamwa mwa aliyense, m'chinenero chake, m'nyimbo, pabwalo la mfumu. Phunziro la lero ndi lakuya, loona, koma limakhala m'Chingerezi, m'makompyuta ndi m'misonkhano ya m'mahotela a kunyanja, kumene anthu amakambirana za umphawi wa kumudzi atatsekera zitseko kuti mpweya wozizira usatuluke. Mayi wa ku Ntchisi amene amalandira ma ARV mwezi ndi mwezi sanauzidwepo kuti mankhwalawo amapangidwa kuti, amalipira ndani, ndipo n'chifukwa chiyani tsiku lina akhoza kusowa. Munthu wosauzidwa zoona amadzaza mpatawo ndi zimene wamva pa minibasi. Sindikuona chifukwa chimene nkhani ya Cipla ndi Doha singafotokozedwere pawailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, kapena kwa ana a Sitandade 8. Si yovuta kuposa kayendedwe ka nyongolotsi ya likodzo kuchoka mwa munthu kupita mwa nkhono, kamene ife tinakaloweza tili osavala nsapato.

Palinso matenda amene buku lathu lija silinkawatchula. Shuga ndi BP tinkati ndi matenda a mabwana. Lero ali m'mudzi, pamodzi ndi zakumwa zotsekemera, mafuta ophikira otchipa ndi mchere wambiri. Khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi athu pamlingo umene uli m'gulu la yokwera kwambiri padziko lonse, chikhalirecho katemera wake alipo ndipo atsikana anayamba kulandira m'dziko muno mu 2019. Mawodi a ovulala adzaza ndi anyamata a kabaza wa njinga zamoto. Fodya amene timalima kuti tipeze ndalama zakunja zogulira mankhwala ndi yemweyo amene madokotala a maiko ena akulimbana naye. Wophunzira wa lero ayenera kusenza zonsezi pamodzi ndi malungo ndi kutsegula m'mimba, zimene sizinachoke.

Mu January 2025 boma la America linalengeza kuti likutuluka mu WHO ndipo linaimitsa thandizo lake lakunja. M'masabata ochepa mabungwe ambiri kuno anatumiza antchito kunyumba, ndipo anthu pamizere ya ma ARV anayamba kufunsana ngati mwezi wamawa mankhwala adzakhalapo. Gawo lalikulu kwambiri la ndalama zolimbana ndi Edzi m'dziko muno limachokera kunja, ndipo zinaonekera poyera. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Zaka zambiri Malawi sinafikepo, ndipo maiko ambiri anzathu chimodzimodzi. Africa imapanga pafupifupi 1 peresenti yokha ya katemera amene imagwiritsa ntchito. Bungwe la African Union laika cholinga choti pofika 2040 ifike pa 60 peresenti, ndipo mafakitale ayamba kumangidwa kapena kukuzidwa ku Senegal, ku Rwanda ndi ku South Africa. Vuto limene akulimbana nalo kale ndi la msika: katemera wa fakitale yatsopano amayamba ndi mtengo wokwera kuposa wa ku India, ndipo unduna wa zaumoyo wosauka, ukapatsidwa mitengo iwiri, umatenga wotsika.